Agulugufe a Zuze ndi Lichero la Azakhali

"Kodi amake Rozina, nzoona zimene ndamva ku mjigo, zoti munakafika mpaka ku Zomba, mwana ali kumsana, kukangopereka agulugufe akufa?"

Anandifunsa chonchi mai Alufandika, oyandikana nafe nyumba, ine ndikuyanika mapira pa mphasa. Ndinati nzoona. Anaseka mpaka kutsamira mtengo wa nimu. Ine sindinaseke nawo. Ndiye poti ku mjigoko aliyense akuikamba mmene akufunira, ena mpaka akuti ndinapita kukagulitsa mankhwala kwa azungu, ndati ndiilembe ndekha mmene inayendera.

Ife timakhala kwa Tengani. Amuna anga a Zuze anapatsidwa ganyu ndi dona wina wa ku Ulaya wokhala ku Zomba. Ganyu yake inali yokwera mapiri a ku Chididi nyengo ya dzinja kukagwira tiagulugufe ta usiku, taja timathamangira nyali, ena amati akadziwotche. Si agulugufe akuluakulu okongola aja ayi. Tating'ono, totuwa, kukula kwake ngati chikhadabo cha Rozina. Ine ndikatiyang'ana ndimangoona tofanana tokhatokha. Koma a Zuze amati mulimo mitundu inayi kapena isanu yapachibale, ngati ana a bere limodzi: wina kadontho ka pa phiko kali kumapeto, wina kali pakati, wina alibiretu. Ena kusiyana kwawo sikuoneka n'komwe ndi maso mpaka donayo atadula kumchira n'kuyang'ana pa makina ake a galasi. Chimene iye amafuna kudziwa n'chakuti, kodi ta pansonga pa phiri ndi ta m'munsi ndi mtundu umodzi? Nanga ta ku Chididi n'timodzimodzi ndi ta ku Mulanje, kapena ndi mtundu wina umene sunalembedwepo m'buku?

A Zuze amatisunga m'bokosi la thabwa lophwatalala, lokhala ndi chivindikiro. M'kati anayalamo mitima ya mapesi, ndipo kagulugufe kalikonse kanali kobayidwa ndi kasingano kake. Munali mizere isanu ndi umodzi. Kumutu kwa mzere uliwonse kunali kapepala konena malo, mtengo umene anagwirapo, ndi masiku ake.

Kalata ya donayo inati bokosi lifike pasanadutse Lachisanu, chifukwa Loweruka akwera ndege. Akakalionetsa kwa akuluakulu ake kwawoko n'kukhutira nalo, a Zuze alembedwa ntchito ya pamwezi ya zaka ziwiri. Zikakanika, iwo anali ataneneratu kuti akalembetsa za ku Joni, poti thonje lathu linatha ndi mbozi. Ine ndi khanda la miyezi isanu ndi iwiri, mawu oti Joni sindinkafuna ngakhale kuwamva. Tsoka lake, pa ulendo wawo womaliza wa kuphiri anaterereka pa thanthwe, bondo linatupa ngati dzungu. Basi, wopita ndinakhala ine.

Lamlungu masana anandikhazika pansi n'kutsegula bokosi.

"Marita, tamvera. Padzuwa ayi. Nyerere ayi. Kulipendeketsa ayi. Koma chachikulu, kalikonse kakhale mu mzere wake. Kagulugufe kosadziwika kwawo n'chinyalala."

"Nanga mzere wapamwambawu bwanji uli wonyansa chonchi? Mapiko ong'ambika okhaokha."

"Amenewo ndiye enieniwo. Ndi a pansonga, kumene mphepo siileka. Milungu itatu ndinakhala kumeneko, kupeza 23 okhawo."

Ndinalikulunga m'nsalu yoyera, ndinamanga bwinobwino ngati mbale ya odwala.

Lolemba ndinafika pa msewu dzuwa likungotuluka. Sitima inali itaima masiku amenewo, madzi atakokolola njanji chakumtunda, ndiye aliyense amadalira basi ya ku Nsanje. Tinadikira. Ogulitsa zitumbuwa anabwera, anagulitsa, anapita. Mthunzi umene ndinakhalapo unasuntha katatu, ine ndikusuntha nawo limodzi ndi bokosi. Basi osaoneka. Wina wa njinga anati yatitimira mu mchenga wa mtsinje, wina anati siinanyamuke n'komwe. Dzuwa litapendeka kunabwera lole ya nsomba zouma yochokera ku Marka.

"Kabokosiko ponyani pa madengupo, mayi, mukwere msanga," anatero dalaivala.

Ndinati sikaponyedwa. Anati ndiye kalipire ngati munthu. Tinakanganapo pang'ono mpaka anatopa nane, n'kungoti kwerani. Ndinakhala pa dengu la milamba, bokosi pamiyendo, Rozina kumsana, kotero kuti sindikanatha kutsamira kapena kuwerama. Pafupi nane panali mayi wina wathupi, mwini wa theka la madenguwo, dzina lake mai Joakina.

"Mwanyamula chiyani inu, mukuchita kufungatira ngati mwana wachiwiri?"

"Agulugufe."

"Akudya?"

"Ayi, ndi akufa."

"Ngumbi nazo timadya zakufa, mayi. Ndikufunsa ngati ali a ndiwo."

Ndinafotokoza zonse, za mitundu, za kadontho, za phiri. Anamvetsera pakamwa pali yasa, kenaka anauza lole yonse kuti pali mzungu ku Zomba amene akufufuza mafuko a akadziwotche, kuti adziwe wa kwa Tengani ndi wa kwa Lundu. Bambo wina anati ndimuuze mzunguyo abwere kwawo adzatenge udzudzu, ampatsa ulere. Ine maso anali pa tinyerere tofiira timene timatuluka m'madengu. Ulendo wonse ndinali kutiphwanya ndi chala m'mphepete mwa nsalu.

Tisanalowe pa Bangula tinapeza mtengo utapingasa msewu pa migolo iwiri. Achinyamata a chipani.

"Makhadi m'manja!"

Langa linali pa mfundo ya mpango, ndinalionetsa.

"La mwanayo?"

"Achimwene, mwana wa miyezi isanu ndi iwiri?"

"Sakupuma mpweya wa dziko lino?"

Mai Joakina anatulutsa milamba iwiri n'kumpatsa, akuti khadi la mwana ndi limenelo. Nkhani ya khadi inathera pomwepo. Koma mnzake anali ataona kale nsalu yoyera.

"Tsegulani icho."

Ndinatsegula, ndikutchinga dzuwa ndi thupi langa. Ananunkhiza mankhwala a njenjete aja, n'kukwinya mphuno. Kenaka anaona timapepala.

"Manambala awa mukupititsa kwa yani? Lole iyi yachokera kumalire. Tsikani."

Ndinafotokozanso, za mitundu, za kadontho, za phiri. Anati zimenezo ndikauze a tcheyamani. A tcheyamani ali kuti? Ali ku maliro. Dalaivala anadikira pang'ono, kenaka anandiyang'ana ngati wondimvera chisoni, n'kuliza injini. Ndinatsala pansi pa mtengo wa msangu ndi anyamata anayi, mmodzi akufuna kugwira phiko ndi kamtengo kuti aone ngati n'zenizeni. Ndinachita kumupempha mogwada. Rozina analira, ndinayamwitsa, anagona, anadzuka, analiranso.

A tcheyamani anabwera dzuwa litafiira, munthu wachikulire wa jekete lakuda. Anavala magalasi, anawerenga kapepala kalikonse mokweza: "Pansonga, mtengo wa masamba aang'ono. Pa mtsinje, m'nthochi." Anavula magalasi.

"Ana inu, nkhondo ya agulugufe munaionapo kuti? Mayiwa mwawachedwetseranji?"

Anandipepesa bwino ndithu, koma kupepesa sikunabweze lole. Ndinagona kwa aphunzitsi a mpingo wathu pa Bangula pompo. Bokosi ndinaliika pa chitini, chitinicho m'beseni la madzi, kuti nyerere zisakwere. Tsiku loyamba linatha ndisanatuluke m'boma la kwathu.

Lachiwiri basi inapezeka, yodzaza mpaka pakhomo. Kondakitala anafuna bokosi likwere padenga pamodzi ndi njinga ndi nkhuku. Ndinakana. Ndinaimirira njira yonse, bokosi nditalisenza pamutu ndi dzanja limodzi kuti anthu asalipsinje. Titadutsa Sorgin, pa mtsinje wina wopanda mlatho, basi inalowa mu mchenga n'kukhala pansi ngati ng'ombe yotopa. Amuna anatsika kukakankha, akazi tinatumidwa kukathyola nthambi zoyala kunsi kwa matayala. Ine ndinapepesa kuti sindingasiye katundu. Mayi wina anati, "Enafe tanyamula mazira koma tasiya." Ndinangogwiritsitsa bokosi langa. Basi inatuluka, inayenda pang'ono, tayala linaphulika. Lapadera linalipo, koma lopanda mpweya. Anatuma munthu wa njinga kukabwereka pampu, ndipo munthuyo ndikhulupirira anayamba wadya kaye kwawo.

Tinafika pa Ngabu madzulo, Rozina thupi litatentha. Ndinalunjika kwa azakhali a Fransiska.

Azakhaliwa ndi mlongo wawo wa apongozi anga aamuna. Ndi amene anayendetsa nkhani zonse za ukwati wathu, ndipo kwa a Zuze mawu awo satsutsidwa. Ine ndikamalankhula nawo ndimagwada. Pa Ngabu amadziwika ndi chinthu chimodzi: thonje lawo silinabwezedwepo pa msika. Ena akamakangana ndi ogula kuti thonje lanu lasakanikira, iwo amangodutsa, chifukwa amakhala pa mphasa masiku ndi masiku kusankha, loyera payekha, lothimbirira payekha, kachitsotso kalikonse kuchotsa. Zala zawo n'zopepuka ngati za namwino. Amalankhula Chisena chosakaniza ndi Chimang'anja, ndipo samva bwino khutu limodzi.

Anandilandira bwino. Anasambitsa mwana, anandipatsa madzi otentha. Lachitatu m'mawa Rozina anali asanazizire, ndiye anati ndipite naye kuchipatala ndisanapitirire.

"Bokosilo siya, ungakalitaye pa mzere."

Ndinaliika pa thandala m'nyumba, pa mbale ya madzi. Ndinati, "Azakhali, ili ndi la ntchito ya bambo ake a Rozina, likupita kwa mzungu." Ndinalekera pomwepo. Mawu oti musaligwire anafika pakhosi, koma inu amene mukuwerenga, tandiuzani: mkamwana angauze azakhali a mwamuna wake, m'nyumba mwawo momwe, kuti musagwire? Ndinameza.

Kuchipatala mzere unali wozungulira nyumba. Anatiyimbitsa kaye nyimbo ya zakudya za magulu, anatiphunzitsa za phala, kenaka adokotala anapita kukamwa tiyi. Rozina anabayidwa jakisoni dzuwa lili pamutu. Ndinabwerera ndikuthamanga, maganizo ali pa basi ya masana.

Ndikulowa pa bwalo ndinawaona ali pa mthunzi wa khonde, atatambalala pa mphasa, lichero pambali, bokosi lili pamiyendo, lotsegula.

"Wabwera, mwananga? Bwera uone basa ndakuphatira, ntchito ndakugwirira."

Ndinafika, ndinagwada, ndinasuzumira.

Sindinaonepo bokosi lija likukongola chotero. Oyererako onse anali mu mzere umodzi, oderako mu mzere wawo, akuluko pamodzi, ang'onoang'ono pamodzi, onse atayang'ana kumodzi ngati ana a sukulu pa mbendera. Palibe ngakhale phiko limodzi limene anathyola. Timapepala tonse tinali m'malo mwake, kumutu kwa mizere.

"Zuze ndi mwamuna, sadziwa kusankha," anatero. "Katundu wosakanikira chonchi ungapite naye kwa mzungu? Akanakubweza pa sikelo pomwe. Watsala mzere wapansiwu, ndimati ndimalize ukamadya."

"Azakhali," mawu anatuluka ang'ono, "nanga ong'ambika aja? A pamwamba aja?"

"Ati?"

"Ong'ambika mapiko!"

"Aa, giredi yachiwiri ija? Nkhabe, ayi mwananga, imeneyo imagwetsa mtengo wa katundu yense. Ndinaika pa lichero, ndakhuthulira nkhuku. Koma masingano ake sindinataye, si awa." Anandionetsa kolala ya bulauzi yawo. Timasingano tinali titandandalika pamenepo, tikunyezimira. Ndinatiwerenga ndi maso: 31.

Anandiyang'ana akumwetulira, kudikira. Munthu wamkulu, wasiya ntchito zake m'mawa wonse, wapinda msana chifukwa cha mwana wa mchimwene wake. Ndinaomba m'manja, ndinathokoza m'Chisena chawo.

"Takhuta, azakhali. Wapansiwo ausiye, nthawi yatha."

"Pyadidi, zabwino. Ukamuuze Zuze aphunzire."

Ndinatseka bokosi, ndinalowa nalo m'nyumba, kenaka ndinazungulira kuseri kwa khola. Nkhuku zinali zikupalasa ngati sizinachite kanthu. Ndinafufuza m'fumbi chogwada. Ndinapeza kaphiko kamodzi, ndipo nditati ndikatole kanasanduka fumbi pa chala. Ndinaluma chitenje kuti azakhali asamve.

Basi ya masana sinabwere. Madzulo onse ndinakhala ndi bokosi m'nyumba, kuyesa kukumbukira. Uyu wa kadontho kumapeto anali mu mzere wachitatu kapena wachinayi? Lamlungu lija ndinayang'ana ndithu, koma ndinayang'ana ngati munthu woyang'ana mchenga. Ndinasuntha mmodzi, ndinamubwezanso. Ndinaona kuti ndikungowonjezera.

Lachinayi ndinakwera ngolo ya thirakitala yopita ku minda ya nzimbe ku Nchalo. Inkadumpha moti bokosi ndinalinyamula m'malere, mikono itatambasuka, mpaka mapewa anachita dzanzi. Ndinadzifunsa kuti ndikusamaliranji tsopano, koma mikono sinatsike. Pa Nchalo ndinapeza basi yodzera ku Chikwawa, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinakhala pa mpando.

Pa doko la Shire panali mzere wa magalimoto wautali kufika kumsika. Pantoni yowolotsa magalimoto inali itaduka chingwe. Anthu anali atamanga kale mafuwa m'mbali mwa msewu, ena atachapa n'kuyanika pa matayala. Ndikufunafuna mthunzi ndinamva mawu.

"Amayi a agulugufe! Anakutulutsani akaidi inu?"

Mai Joakina. Lole ija inandisiya pa Bangula inali pamenepo kuyambira Lachiwiri. Nsomba zawo zinali zitayamba kuchita nkhungu, iwo akuziyala pa mphasa n'kumathamangitsa ntchentche ndi nthambi. Ndinakhala pambali pawo. Sindikudziwa chifukwa chake, mwina poti anali mlendo, ndinawauza zonse. Anaseka mpaka misozi, kenaka anaona nkhope yanga n'kuleka.

"Tatsegulani ndione." Anasuzumira. "Iii, koma agogo amenewo ali ndi dzanja. Timapepala tilipo tonse?"

"Tilipo."

"Ndiye vuto lili pati? Mzunguyo analipo pamene amagwidwa? Agulugufewa alankhula?"

"Koma si kwawo kumene alembedwako."

"Mayi, ine milamba iyi ya ku Marka ndikafika nayo ku Limbe imakhala ya ku Chiromo, chifukwa ndi imene anthu amaikonda. Palibe anadwalapo nazo. Inu mukapereke, mukatseke pakamwa, bambo alembedwe ntchito. Mukufuna mwanayu adzaone bambo ake pa chithunzi?"

Ndinatseka bokosi. Koma kunena zoona, mawu amenewo ndinawanyamula. Tinakhala pa dokopo tsiku lonse. Amisiri amati chingwe chikubwera, kenaka amati chabwera koma chachifupi. Bambo wina amagulitsa madzi a mtsinje womwewo tikuuonawo. Rozina anayamba kuseka ndi ana a anthu, thupi litazizira, ndipo chimenecho chokha ndicho chinandigwira mtima tsiku limenelo. Pantoni inayamba kuyenda dzuwa litapendeka. Basi yathu inali kumbuyo kwenikweni, ndiye dalaivala wa lole uja anati, "Kwerani kuno, mayi, ndinakulakwirani."

Pa chikweza cha Thabwa lole inawira kawiri. Tonse tinatsika kumayenda pambuyo pake, amuna atanyamula miyala yoika kunsi kwa matayala ikafuna kubwerera. Ine ndinakwera chikweza chimenecho wapansi, mwana kumsana, bokosi pamutu. Kuzizira kwa kumtunda kunayamba kundilowa, ine nditazolowera kotentha. Tinagona pa depoti ku Limbe, ndipo Lachisanu m'mamawa ndinakwera basi ya ku Zomba. Imeneyo yokha inanyamuka pa nthawi yake, inafika pa nthawi yake, ngati ikundiseka.

Nyumba ya donayo ndinaipeza pofunsa. Chipinda chachitali, makabati okhaokha, fungo lomwe lija la mankhwala a njenjete. Anandilandira a Chikopa, bambo wa imvi wovala khoti loyera, amene amagwira ntchito ndi donayo ndi kumumasulira. Masutikesi a donayo anali atamangidwa kale pakona. Iye mwini anali wowonda, magalasi atalendewera pa chingwe. Anafunsa za bondo la a Zuze, anagwira tsaya la Rozina, kenaka anatsegula bokosi.

"Oo! Zuze wachita bwino kwambiri. Bwino kwambiri!"

Ndinati mumtima, mai Joakina ananena zoona.

Anatenga galasi lake la m'manja n'kuyamba kuyenda nalo mzere ndi mzere. Pa mzere wachisanu anaima. Anazula kamodzi, anakaika pansi pa makina, anayang'ana nthawi yaitali. Anaitana a Chikopa, nawo anayang'ana. Anatsegula kabati, anatulutsa bokosi lina, anayerekeza. Kenaka anayamba kulankhula Chingerezi mofulumira, nkhope itafiira, akulemba m'buku.

"Mayi, mwabwera ndi nkhani yabwino," anatero a Chikopa. "Akuti aka ndi ka mtundu umene ku Mulanje umapezeka pamwamba pokha, pozizira, pa mtengo umodzi basi. Mzake wofanana naye ndiye amakhala m'munsi, amasiyana kamzere aka ka m'mphepete mwa phiko. Tsono kapepala ka amuna anu kakuti aka anakagwira pa mtsinje, m'nthochi, kotentha. Zimenezi sizinaonekepo. Akuti ntchito ya a Zuze yatheka. Dzinja likubwerali akakhale pa mtsinje pomwepo, akapeze ena makumi asanu, ndi mbozi zake zomwe."

Ntchito yatheka. Ndinamva bwinobwino. Koma ndinaonanso a Zuze atakhala m'nthochi zija ndi nyali yawo, Disembala, Januwale, Febuluwale, akudyedwa ndi udzudzu, kufunafuna chinthu chimene sichinakhaleko. Akalephera, donayo adzati chiyani? Adzati munthuyu ananama. Ndipo a Zuze sadzadziwa n'komwe chimene chawachitikira, pokhapokha ine nditawauza, ndiye tidzakhala anthu awiri osunga bodza limodzi m'nyumba, tikudyera malipiro ake. Cholembera chija chinali chikuyendabe, dzina la amuna anga ndikuliona likulembedwa.

"Bambo," ndinatero, "auzeni asiye kaye kulemba."

Ndinafotokoza. Kachitatu pa ulendo umodzi ndinafotokoza za bokosi limeneli, koma ulendo uno m'malo mwa kadontho ndi phiri ndinanena za lichero. A Chikopa anamasulira pang'onopang'ono. Donayo anaika cholembera pansi.

"Onse?" anafunsa yekha m'Chichewa.

"Kupatula mzere wapansi."

"Nanga a pansonga? Zuze analemba kalata, anati wapeza a pansonga."

"Ali m'mimba mwa nkhuku."

A Chikopa anatembenukira ku kabati, mapewa akugwedezeka. Donayo sanaseke. Anafunsa kuti chifukwa chiyani munthu angachite zimenezo, kodi anakwiya ndi Zuze? Ndinati ayi, amamukonda kwambiri. Ndiye chifukwa chiyani? Ndinayamba kufotokoza za thonje, za giredi yoyamba ndi yachiwiri, za kubwezedwa pa sikelo. Iye amangondiyang'ana. Anafunsanso kuti, nanga ine sindinawauze kuti asagwire? A Chikopa anandithandiza, analankhula naye nthawi yaitali, kenaka anati kwa ine motsitsa, "Mayi anga akanachita chimodzimodzi. Ndipo mkazi wanga akanathokoza ngati inuyo."

Ndinafunsa ngati makina aja sangathe kuwabwezera m'mizere mwawo. A Chikopa anapukusa mutu.

"Makina atiuza kuti uyu ndi mtundu wakuti, uyu wakuti. Zimenezo tidula, tiona. Koma kuti anagwidwa pati, pamwamba kapena pansi, pa mtengo uti, makina sadziwa. Ndipo funso lonse linali limenelo. Aka kamene kanawasangalatsaka mwina kanachokera mu mzere wachiwiri, kufupi ndi nsonga, mmene timayembekezera kale. Mwinanso kanachokeradi m'nthochi. Sitidzadziwa."

"Nanga 14 a mzere wapansiwo?"

Anatsegula kabati ina n'kundionetsa. Mtundu womwewo, mabokosi atatu odzaza.

Donayo anandipatsa tiyi ndi buledi, ndi yokwerera pobwerera. Anandigwira dzanja n'kunena kuti ndachita bwino kulankhula, chifukwa akanakanena bodza pamaso pa anthu ambiri. Analembera a Zuze kalata yowayamikira. Koma anati popanda a pansonga alibe chokaonetsa kwa akuluakulu ake, ndipo iwo savomera kulemba munthu ntchito chifukwa cha nkhani ya pakamwa. Mwina chaka china. Sindinamve mawu ena alionse pambuyo pa mwina ameneyo.

Kubwerera kunanditengera masiku awiri okha. Pa Ngabu sindinatsike.

A Zuze anawerenga kalata ija kawiri, mwendo uli pa mpando. Ndinawauza zonse, ngakhale zoti ntchito inali itatheka kale ndisanatsegule pakamwa. Anapinda kalata ija n'kundifunsa.

"Unawauza azakhali kuti asagwire?"

"Inu mukanawauza?"

Anayang'ana bondo lawo. Sanandifunsenso, mpaka lero. Sabata yatha azakhali anatumiza uthenga ndi munthu wa njinga, kufunsa ngati mzungu anakondwa ndi katundu. A Zuze anayankha kuti akawauze kuti anati ndi wokongola kwambiri. Bondo laphwa tsopano, ndipo za ku Joni analembetsa kale. Anyamuka mwezi ukatha.

Ndinachoka pano ndi agulugufe 120. Nkhuku zinadya 31, mwa iwo 23 a pansonga. Osadziwika kwawo 75. Otsala 14, a mtundu umene anali nawo kale. Miyezi itatu ya kuphiri, masiku asanu ndi awiri a pa msewu, ntchito ya zaka ziwiri, ndi bambo ake a Rozina kwa miyezi khumi ndi isanu ndi itatu.